Mwini nyumba akuloza chala anthu omwe sali pamlandu: kodi khoti lingamumvere?

Funso: "A loya, ndithandizeni maganizo. Ndimachita lendi m'chipinda cha pamwamba m'nyumba yosanja. Zaka ziwiri ndi miyezi inayi zapitazo ndinkatsika masitepe nditanyamula beseni la zovala. Nditagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepewo chinathyoka, ine n'kugwera pansi. Ndinathyoka fupa la ntchafu, anandichita opaleshoni kawiri, mpaka pano ndikuyendera ndodo ndipo ntchito ndinasiya. Ndinasumira mwini nyumba kuti andipatse chipukuta misozi. Tsopano maloya ake ayankha kuti iye alibe mlandu. Akuti wolakwa ndi kampani yomwe inawotcherera chitsulocho, yomwe ndamva kuti inatsekedwa kale. Akutinso mwendo wanga sunapole bwino chifukwa cha achipatala, komanso kuti ineyo ndinalakwa potsika nditanyamula katundu. Pamlanduwu kampaniyo palibe, chipatalacho palibe. Kodi khoti lingamvere zimenezi? Loya wanga akungoti tidikire tsiku la mlandu. Usiku sindikugona."

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zowawa zomwe mwadutsamo, ndipo zikomo kuti mwalongosola nkhani yanu momveka bwino chonchi. Choyamba khazikani mtima pansi. Chikalata chomwe mwawerengacho si chigamulo cha khoti. Ndi yankho la mbali inayo, lolembedwa ndi anthu omwe ntchito yawo ndi kuteteza mwini nyumba, ndipo nthawi zambiri amalipidwa ndi kampani yake ya inshulansi. Woweruza sanavomereze liwu ngakhale limodzi la m'menemo. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuimira anthu ovulala, n'chapatali kuona wosumiridwa akuvomera msanga kuti analakwa. Kukankhira mlandu kwa munthu wina ndi njira yakalekale yodzitetezera, ndipo makhoti anaizolowera. Komabe sindikufuna kukunyengererani, chifukwa m'kalata yanu muli chinthu chimodzi chomwe chandidetsa nkhawa, ndipo chinthucho ndi nthawi. Tifikapo pa mfundo imeneyi, koma tiyambe ndi chifukwa chomwe akuchitira zimenezi.

Maloya timaitchula njira imeneyi kuti kuloza mpando wopanda munthu. Munthu yemwe sali pamlandu sayankha. Alibe loya woti aimirire n'kunena kuti "ayi, ife tinawotcherera bwino, koma mwini nyumba anakana kugula zitsulo zomwe tinamuuza." Ndiye n'kosavuta kumuunjikira zolakwa zonse. Wosumiridwa amayembekezera chimodzi mwa zinthu zitatu: apulumuke kotheratu, kapena ndalama zomwe alipire zichepe, kapena inu muchite mantha n'kuvomera kangachepe kuti nkhani ithe. Chachitatuchi ndi chomwe chimawayendera kawirikawiri, chifukwa munthu yemwe wakhala zaka ziwiri osagwira ntchito amakhala atatopa.

Kunena kuti wina ndiye wolakwa n'kosiyana ndi kutsimikizira khoti. Inu muli ndi udindo woonetsa kuti mwini nyumba anali ndi udindo wosamala masitepewo, kuti sanausamale udindowo, komanso kuti kusasamalako ndiko kunakugwetsani. Koma akamanena kuti inu munalakwako, umboni wa zimenezo abweretse ndi iwo. M'madera ambiri momwe malamulo amalola kugawira cholakwa munthu yemwe sali pamlandu, nawonso amayenera kumutchula bwinobwino m'zikalata zawo ndi kubweretsa umboni wa cholakwa chake. Chiganizo chimodzi cholembedwa pa pepala sichikwanira.

Tsopano, kodi kuloza chalaku kungakupwetekeni motani? Apa malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo poti simunanene komwe muli, ndikufotokozerani njira ziwiri zikuluzikulu kuti mukafunse loya wanu kuti kwanuko mukutsata iti.

Njira yoyamba ndi yomwe loya wanu angaitchule kuti joint and several liability. Imati ngati anthu awiri kapena angapo anachititsa kuvulala kumodzi komweko, wovulalayo angathe kutenga chipukuta misozi chonse kwa aliyense wa iwo. Tiyerekeze kuti khoti laona kuti cholakwa cha mwini nyumba ndi magawo 30 pa 100 ndipo cha owotcherera ndi magawo 70. Mwini nyumba amakulipiranibe zonse, kenaka iyeyo ndi amene amakalondola owotchererawo kuti amubwezere gawo lawo. Akapeza kuti kampaniyo inatha, woluza ndi iye, osati inu. Umu ndi momwe zilili ku England pa milandu ya kuvulala, ndiponso m'mayiko ambiri omwe malamulo awo anachokera kumeneko. Ku South Africa lamulo la Apportionment of Damages Act la 1956 nalonso limalola wovulala kutenga zonse kwa wolakwa mmodzi. Maganizo ake ndi akuti pakati pa munthu wosalakwa yemwe wavulala ndi munthu yemwe analakwako, amene ayenera kusenza vuto la wolakwa wothawa ndi wolakwa mnzakeyo. Ine ndimaona kuti maganizo amenewa ndi achilungamo. Pansi pa njira imeneyi, mpando wopanda munthu umawapindulira pokhapokha ngati atsimikizira khoti kuti iwo analibe cholakwa ngakhale pang'ono.

Njira yachiwiri imati aliyense alipire gawo lake lokha. Inafala kwambiri ku United States kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pomwe makampani a inshulansi, mabizinesi ndi maboma a mizinda ankadandaula kuti akulipira milandu yonse pa cholakwa chochepa, chabe chifukwa ndi iwo anali ndi ndalama. Ku California anthu anavota mu 1986 kuvomereza Proposition 51, yomwe inati pa chipukuta misozi cha ululu ndi kuzunzika aliyense alipire gawo lake, ngakhale kuti pa ndalama za kuchipatala ndi malipiro otayika lamulo lakale linatsala. Chigawo cha Arizona chinathetsa lamulo lakalelo pa milandu yambiri mu 1987. Ku Florida khoti lalikulu linagamula mu 1993, pa mlandu wa Fabre v. Marin, kuti cholakwa chigawidwe kwa onse omwe anachititsa ngozi ngakhale ena asali pamlandu, ndipo mu 2006 nyumba ya malamulo ya kumeneko inathetseratu lamulo loti mmodzi alipirire onse pa milandu ya kusasamala. M'madera oterewa, chitsanzo chathu chija chimatha moipa: mwini nyumba amalipira magawo 30 okha, ndipo magawo 70 omwe agwera kampani yotsekedwa ija amangosowa. Apa ndi pomwe mpando wopanda munthu umakhala woopsa zedi.

N'chifukwa chake zigawo zina za United States zotsata njira imeneyi zinaika malire kuti wosumiridwa asamabise dzina mpaka tsiku lomaliza. Ku Colorado ayenera kutchula munthu yemwe akumuloza chalayo pasanathe masiku 90 chiyambireni mlandu. Ku Arizona ndi masiku 150 kuchokera pomwe wapereka yankho lake. Ku Tennessee, wosumiridwa akatchula munthu wina m'yankho lake, wosumayo amapatsidwa masiku 90 oti amuwonjezere pamlandu ngakhale nthawi yosumira itatha kale. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti nkhaniyi imayendera masiku owerengeka, ndipo m'madera ena masikuwo amayamba kuwerengedwa chikalata ngati chomwe mwalandirachi chikangoperekedwa kukhoti.

Pali funso lomwe ndimakonda kufunsa ndikaona yankho ngati limeneli: ngati akukhulupiriradi kuti owotcherera ndi omwe analakwa, bwanji sanawakokere okha pamlandu? Malamulo amawalola. Ku England amatsata Part 20 ya malamulo oyendetsera milandu, ku makhoti a boma lalikulu la United States amatsata Rule 14, ndipo mayiko ena ali ndi njira yofanana yomwe ambiri amaitchula kuti third party notice. Wosumiridwa amaitanitsa munthu wachitatuyo n'kuuza khoti kuti "ndikapezeka wolakwa, uyu andithandize kulipira." Kale sizinkatheka. Mlandu wa Merryweather v Nixan wa mu 1799 unakhazikitsa zoti olakwa sangagawane chindapusa kudzera kukhoti, ndipo zinakhala choncho ku England mpaka lamulo la 1935, lomwe pambuyo pake linalowedwa m'malo ndi Civil Liability (Contribution) Act ya 1978. Lero khomo limenelo ndi lotsegula. Wosumiridwa akalisiya osalowapo, n'kumangoloza chala ali patali, nthawi zambiri zimatanthauza kuti akudziwa kuti munthuyo alibe ndalama, kapena akuopa zomwe munthuyo angaulule akabwera kudzayankha.

Tibwere pa owotchererawo, chifukwa apa ndi pomwe mlandu wanu wagona. Kodi mwini nyumba akalemba ntchito kontirakitala, ndiye kuti wasamba m'manja? Nthawi zina inde, nthawi zambiri ayi. Makhoti amafunsa zinthu zingapo. Kodi inali ntchito yoyenera kupatsa katswiri? Kodi anasankha munthu wodziwadi ntchito, kapena anangotenga wotchipa osafufuza? Ntchito itatha, kodi anaiyendera monga momwe munthu wanzeru akanachitira? Lamulo la ku England la Occupiers' Liability Act la 1957 linalemba mafunso amenewa momveka, ndipo pali milandu iwiri yakale yomwe imaonetsa bwino pomwe malire ali. Pa mlandu wa Haseldine v Daw wa mu 1941, chikepe cha m'nyumba yosanja chinagwa chitakonzedwa molakwika, munthu n'kuvulala. Khoti linati mwini nyumba alibe mlandu chifukwa analemba akatswiri odziwika ndipo iye sakanatha kuona cholakwika m'makina ovuta ngati amenewo. Olakwa anali okonzawo. Koma pa mlandu wa Woodward v Mayor of Hastings wa mu 1945, mwana wa sukulu anaterereka pa sitepe yomwe wokonza pamalo anaisiya ili ndi madzi oundana. Khoti linati oyang'anira sukulu ali ndi mlandu, chifukwa kuona kuti sitepe ndi yoterera sikufuna ukatswiri.

Chitsulo chanu chili mbali iti? Maloya awo adzanena kuti chili ngati chikepe, kuti cholakwika chinabisika m'kati mwa powotcherera. Inu mudzanena kuti chili ngati sitepe ija, kuti aliyense wochigwira akanamva kuti chikugwedera. Ndipo pali china chomwe chimaiwalika: ngakhale owotchererawo atakhala kuti analakwitsa pachiyambi, udindo wa mwini nyumba suthera pa tsiku lomwe ntchito inatha. Masitepe omwe alendi onse amadutsapo amakhala m'manja mwake chaka ndi chaka. Ngati chitsulocho chinawotchereredwa zaka zambiri zapitazo ndipo chakhala chikudyeka ndi dzimbiri iye osachiyendera, cholakwa chimenecho ndi chake, chosiyana ndi cha kampani ija.

Chitsulo chothyokacho chimatha kupereka umboni kuposa munthu. Injiniya akachitenga amayang'ana pomwe chinadukira. Pomwe pangoduka kumene pamakhala powala, ngati chitsulo chatsopano. Pomwe panali mng'alu wakale pamakhala pakuda, pa dzimbiri, nthawi zina penti atalowa m'kati mwa mng'aluwo. Penti wolowa mu mng'alu amanena zambiri: wina anapaka pamwamba pa malo osweka kale, ndipo amene ankapakayo anali pafupi moti akanauona. Ndinagwirapo mlandu wofanana ndi wanuwu pomwe mbali inayo inalimbikira kwa miyezi kuti vuto linali losaoneka. Lipoti la injiniya litasonyeza kuti gawo lalikulu la podukapo linali ladzimbiri lakale, ndipo mlendi wina atapeza mufoni yake uthenga womwe anatumizira woyang'anira nyumba kuti chitsulo chikugwedera, nkhani ya kontirakitala inazilala ndipo anapempha kuti tikambirane. Ndiye funsani lero: chitsulocho chili kuti? Ngati chili ndi mwini nyumba, loya wanu amulembere kalata yomuuza kuti achisunge ndi kulola katswiri wanu kuchiyeza. Ngati anachitaya atadziwa kale kuti pali mlandu, makhoti ambiri amaloledwa kuganiza kuti chikanapereka umboni womutsutsa. Funsaninso anzanu a m'nyumbamo ngati wina anadandaulapo, pakamwa kapena polemba, komanso ngati pali amene anajambula zithunzi tsiku la ngoziyo.

Za kutsekedwa kwa kampani ija, musafulumire kutaya mtima, ndipo musadalire mphekesera. Kampani kusiya kugwira ntchito, kusintha dzina, kugulidwa ndi ina, kapena kufufutidwa m'kaundula wa makampani ndi zinthu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi njira yake. Loya wanu akafufuze ku ofesi yolembetsa makampani. Chofunika kwambiri ndi kudziwa ngati inali ndi inshulansi yomwe imakhudza ngozi ngati yanuyi, chifukwa wolipira kwenikweni amakhala wa inshulansi. Mayiko ena amalola kuti kampani yofufutidwa ibwezeretsedwe m'kaundula n'cholinga choti isumiridwe. Ku United Kingdom lamulo la Third Parties (Rights against Insurers) Act la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016, limalola wovulala kusumira kampani ya inshulansi mwachindunji popanda kudzutsa kampani yakufayo. Mwini nyumba akhozanso kukhala ndi pangano lomwe anasainirana ndi owotchererawo, ndipo m'menemo mumapezeka dzina lenileni la kampani, tsiku la ntchito, mtundu wa zitsulo zomwe anagwirizana, mwinanso dzina la inshulansi. Poti iye ndi amene wayambitsa nkhani ya kontirakitala, muli ndi ufulu wopempha kuti zikalata zimenezo azitulutse.

Za achipatala ndinene mwachidule, chifukwa mfundo imeneyi kawirikawiri imakhala yofooka. Munthu akakuvulazani amadziwa kuti mupita kuchipatala, ndipo amadziwa kuti chithandizo sichiyenda bwino nthawi zonse. Opaleshoni yachiwiri, bala kuchedwa kupola, fupa kulumikizika mokhota, zonsezi makhoti ambiri amaziona ngati zotsatira za kuvulala koyamba kuja. Kuti wokuvulazani amasuke ku zotsatirazo, kawirikawiri pamafunika kuti cholakwa cha achipatala chikhale chachikulu kwambiri, choposa kulakwitsa wamba. Ngakhale zitatero, kuthyoka kwa fupa ndi ululu woyambawo zimakhalabe pamutu pake. Mfundo yaikulu ndi yakuti zochita za munthu wina sizidula mlandu ngati zili zomwe wosasamalayo akanaziyembekezera. Pa mlandu wa Stansbie v Troman wa mu 1948, munthu wokongoletsa nyumba anatuluka kukagula zipangizo n'kusiya chitseko chosakhoma, mbala n'kulowa. Iye sanabe kanthu, koma khoti linati alipire, chifukwa kubedwa ndi chinthu chenichenicho chomwe kukhoma chitseko kumateteza. Komabe loya wanu apeze mafayilo anu onse a kuchipatala ndipo dokotala wa mafupa yemwe sanakuthandizenipo awawerenge. Ngati palidi cholakwa chachikulu, ndi bwino muchidziwe inu msanga kusiyana ndi kukachimvera m'khoti.

Pa zoti munanyamula beseni, musadziimbe mlandu. Anthu amatsika masitepe atanyamula katundu, ana, madzi, ndipo chitsulo cha m'mbali anachiikira zomwezo, kuti munthu akapepesuka agwire. Kale ku England wovulala akapezeka kuti analakwako ngakhale pang'ono ankaluza mlandu wonse, koma lamulo la 1945 linasintha zimenezo kuti khoti lizingochotsera gawo lolingana ndi cholakwa chake. Mayiko ambiri amatsata njira yochotsera imeneyi. Pali madera ochepa, monga Alabama, Maryland, North Carolina ndi Virginia ku United States, komwe lamulo lakale lija likadalipo, ndipo zigawo zina zambiri za dzikolo zimamana wovulala chipukuta misozi ngati cholakwa chake chafika kapena chapitirira theka. Chomwe chingakuvutitseni ndi ngati munkadziwa kale kuti chitsulocho chikugwedera. Koma taonani kuti mfundo imeneyi imacheka mbali zonse: ngati inu mlendi munkadziwa, mwini nyumba angakane bwanji kuti vutolo linali looneka? Muuzeni loya wanu zoona zokhazokha pa nkhani imeneyi, ngakhale zomwe mukuona ngati zikukutsutsani.

Tsopano nkhani ya nthawi ija. Timakonda kunena kuti mlandu suola, koma milandu ya chipukuta misozi imaola, ndipo tsiku lake limalembedwa m'malamulo. Ku England munthu wovulala ali ndi zaka 3 zoti asumire, kuwerengera kuchokera tsiku la ngozi kapena tsiku lomwe anadziwa mfundo zofunika za kuvulala kwake ndi yemwe anakuchititsa. Ku South Africa nthawi yake ndi zaka 3 pa milandu yambiri yotere. Ku California ndi ku Texas ndi zaka 2, ku Tennessee ndi chaka chimodzi. Ngati chipatala chili cha boma, mayiko ambiri amafuna kuti mupereke chidziwitso m'nthawi yaifupi kuposa pamenepa. Kusumira mwini nyumba kunaimitsa nthawi pa mwini nyumba yekha. Pa owotcherera ndi pa achipatala nthawi ikuyendabe. Inu mwati papita zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Ngati kwanuko malire ndi zaka 3, mwatsala ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo kufufuza kampani yotsekedwa, kupeza inshulansi yake ndi kupempha khoti kuti muwonjezere dzina pamlandu kumadya miyezi. Makhoti ena ali ndi mphamvu zowonjezera nthawi, koma zimenezo ndi chifundo cha woweruza, si chinthu chomangirapo mlandu. Choopsa chomwe ndimachiona ndi ichi: nthawi itha, mlandu ukazengedwa, woweruza n'kukhulupirira kuti owotcherera okha ndi omwe analakwa, inu n'kutsala opanda wosumira. Ichi ndi chifukwa chake mawu oti "tidikire tsiku la mlandu" sakundikhutiritsa, pokhapokha ngati loya wanu anawerengera kale masikuwa ndipo ali ndi chifukwa chomveka.

Sindikunena kuti musumire aliyense yemwe watchulidwa. Kuwonjezera munthu pamlandu kuli ndi mtengo wake. Mlandu umatalika, maloya amachuluka, ndipo m'mayiko momwe woluza amalipira ndalama za mlandu za wopambana, mukasumira munthu yemwe apezeke wosalakwa mukhoza kulipira maloya ake. Komabe makhoti anaona kalekale kuti si chilungamo kulanga wosuma yemwe anakakamizika kusumira anthu awiri chifukwa ankalozana zala. Milandu iwiri ya ku England, wa Sanderson wa mu 1903 ndi wa Bullock wa mu 1907, inatsegula njira yoti woweruza alamule wosumiridwa woluzayo kuti asenze ndalama za mnzake wopambanayo, ngati kunali kwanzeru kuwasumira onse. N'chifukwa chake loya wochenjera amalembera mbali inayo kalata yowafunsa mosapita m'mbali ngati akulimbikirabe kuloza kontirakitala, kuti anene umboni womwe ali nawo, ndi kuwachenjeza kuti akalimbikira, munthuyo awonjezedwa pamlandu ndipo ndalama zake zidzafunsidwa kwa iwo. Kalata yotere nthawi zina imachititsa kuti mfundo yofooka aisiye okha. Pali phindu linanso: anthu awiri osumiridwa akakhala m'khoti limodzi, aliyense amayesetsa kuonetsa cholakwa cha mnzake, ndipo umboni womwe inu simukanaupeza amautulutsa okha. M'maganizo anga, pa nkhani yanu owotcherera kapena inshulansi yawo ndi oyenera kufufuzidwa mwachangu, pomwe achipatala ndingawasiye pokhapokha dokotala woima payekha atanena kuti panali cholakwa chachikulu.

Chenjeraninso ndi mapepala oti musaine. Masabata akubwerawa mwina mumva kuti a inshulansi akufuna kukupatsani kenakake kuti nkhani ithe, ndipo adzakukumbutsani kuti mlandu wanu uli ndi mavuto atatu aja. Musasaine chilichonse loya wanu asanachiwerenge. Mapangano ena amalembedwa kuti ndalamazo zathetsa madandaulo anu onse pa ngoziyo, ndipo mawu otere angakutsekereni khomo losumira ena otsalawo. Ngati mukugwirizana ndi mmodzi koma mukufuna kupitiriza ndi wina, panganolo linene zimenezo momveka. Musavomerenso ndalama dokotala asanalembe lipoti la momwe mwendowo udzakhalire m'tsogolo, chifukwa mukasaina simubwereranso ngakhale patafunika opaleshoni yachitatu. Ndipo za mlanduwu musazilembe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Mbali inayo imawerenga, ndipo chithunzi chimodzi muli chiimire opanda ndodo amatha kuchigwiritsa ntchito molakwika.

Pemphani kukumana ndi loya wanu sabata ino, ndipo mupite ndi mafunso olemba papepala. Mumufunse tsiku lenileni lomwe nthawi yosumira owotcherera ndi achipatala ikutha, alitchule ndi mwezi ndi chaka chomwe. Mumufunse ngati kwanuko wolakwa mmodzi amalipira zonse kapena gawo lake lokha. Mumufunse ngati anapempha kale pangano la ntchito yowotcherera, mabuku okonzera nyumbayo ndi madandaulo a alendi, komanso ngati pali injiniya yemwe waona chitsulocho. Ameneyu ndi loya wanu, kufunsa si mwano, ndipo n'kutheka kuti zambiri mwa izi anachita kale koma sanakufotokozereni. Akayankha momveka, mumukhulupirire ndipo mupitirize naye. Koma akalephera kutchula tsiku lomwe nthawi ikutha, kapena patadutsa masabata awiri musanapeze mpata wolankhula naye, tengani zikalata zanu zonse mukafunse maganizo kwa loya wina wodziwa milandu ya kuvulala. Ngati ndalama zavuta, pitani ku ofesi yothandiza anthu pa milandu kwaulere kapena ku bungwe la maloya la m'dziko lanu, ndipo mukafika muyambe ndi kuwauza tsiku lomwe munagwa, kuti aone okha kuti nkhaniyi ndi yachangu.

Za kusowa tulo mwatchulazo musazinyalanyaze. Mukamuuze dokotala wanu, chifukwa thanzi lanu likufunika chisamaliro pa mbali imeneyinso, komanso kuvutika maganizo kobwera ndi ngozi ngati imeneyi kumawerengedwa pa chipukuta misozi kukakhala kuti kunalembedwa m'mafayilo a kuchipatala.